Amuna anga ali ku mishoni ndipo akuti atopa ndi kukhala. Kodi kumeneko tsiku limatha bwanji?

Make Tadala

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno, lero ndati nanenso ndifunseko.

Amuna anga ndi msilikali, ali kum'mawa kwa Congo ndi gulu losungitsa mtendere, ndipo aka n'koyamba kupita kunja. Atangofika kumene, foni inkachita kutentha. Zithunzi za mapiri, za tenti yawo, za anzawo atavala zipewa zabuluu, mpaka mbale ya chakudya ankaijambula. Tinkacheza mpaka bandulo kutha. Pano papita miyezi, zasintha. Akaimba ndi "Muli bwanji, ana ali bwanji, kuno palibe chatsopano," basi. Ndikafunsa kuti lero mwatani, amati "zomwe zija." Sabata yatha anandiuza kuti atopa. Ndinati mwatopa ndi chiyani, munapita kokamenyana? Anati ayi, atopa ndi kukhala.

Ine apa mutu sukugwira. Pa wailesi timamva za zigawenga, mtima umakhala m'mwamba usiku wonse, eni ake akuti akungokhala. Munthu angatope bwanji ndi kukhala? Ine kuno ndimadzuka m'bandakucha, ana ndine, ntchito ndine, apongozi akadwala ndine, nditapeza tsiku limodzi longokhala ndingathokoze Mulungu. Ndiye pali anzanga ena akundithira mawu kuti mwamuna akayamba kufupikitsa foni ndiye kuti wapeza kwina kocheza. Sindikufuna kukhulupirira, koma usiku maganizo amabwera okha.

Inu amene munapitako, kapena amuna anu anapitako, ndiuzeniko zoona. Tsiku lawo limayenda bwanji kuyambira kudzuka mpaka kugona? Nanga ine ndiziwalankhula bwanji?

Sajeni Wopuma

Make Tadala, mwachita bwino kufunsa poyera m'malo momvera za m'makutu. Ine usilikali ndinapuma, koma ndinakhalako kudera la Beni, ku North Kivu, ndi gulu lija la UN la Force Intervention Brigade limene linakhazikitsidwa mu 2013 ndi asilikali a ku Malawi, Tanzania ndi South Africa. Amuna anu sindikuwadziwa, ndiye sindingawalumbirire. Koma mawu akuti "ndatopa ndi kukhala" ndawamva kambirimbiri, kwa anyamata olimba omwe.

Tsiku limayamba kusanache. Aliyense amavala jombo, chipewa chachitsulo ndi chovala cholemera chija choteteza ku zipolopolo, n'kupita pamalo pake kuseri kwa mpanda wa matumba a dothi. Timati stand-to. Palibe kulankhula, palibe fodya, palibe tochi. Mumagwada kapena kugona chafufumimba, mfuti kutsogolo, kuyang'ana thengo likuchoka pakuda bii kufika potuwa, chifukwa adani amakonda kuukira m'bandakucha ndi m'chisisira. Dzuwa likatuluka bwana amati tsikani. Palibe chachitika. Madzulo mudzabwereranso pomwepo, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi.

Pakati pakepo pali maola oposa khumi oti muwapezere chochita. Perete. Kutsuka mfuti imene munatsuka dzulo ndipo sinawombepo. Kudzaza matumba atsopano chifukwa akale mvula yawoletsa. Kutchetcha udzu kuzungulira waya kuti maso azifika patali, kukumba ngalande, kuthira dizilo mu jenereta. Amene dzina lake latuluka pa patrol amadziona wamwayi, ngakhale ndiko kuli ngozi. Ndinaonapo amuna akuluakulu, abambo a ana, akukanganirana malo m'galimoto yoperekeza malole a katundu, msewu wake wamatope oti galimoto imatitimira mpaka mumakankha ndi manja, kungoti akaoneko nkhope zina.

Koma chimene chimadya munthu ndi gadi. Kwathu zinali maola awiri pansanja, anayi kupuma, usana ndi usiku, masiku otsatizana. Pa maola anayiwo muchotsepo kuvula, kudya, kuchapa ndi kudzutsidwa msanga kuti ukalandire mnzako, muona kuti tulo take n'toduladula. Pansanjapo uli ndi gawo lako loyang'ana, kuyambira pamtengo wakuti kulekeza pachulu chakuti. Nsanja ina pa kampu pathu inayang'ana munda wa nthochi ndi kanjira kotsikira kumtsinje. Anyamata anga ankadziwa nthochi iliyonse m'mundamo. Ankadziwa kuti mayi wa nsalu yachikasu amatsika ndi zigubu ziwiri dzuwa likangotuluka, kuti mbuzi ya mawanga ndiyo imatsogola, kuti mnyamata wa njinga yamoto amadutsa kawiri usanakwane masana. Wina anafika pozipatsa mbuzizo mayina a akuluakulu a pa kampu, ndipo mayinawo anagwira, mpaka mwini dzina mmodzi anamva. Mungaseke, koma ntchito yake ndi imeneyo. Tsiku limene mayi uja sanatsike, mbuzi osaoneka, mudzi uli zii, ndiye tsiku loti uitane pa wailesi msangamsanga.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, mayi. Akungokhala inde, koma saloledwa kumasuka. Pa 7 Disembala 2017 kampu ya ku Semuliki, kudera lomwelo la Beni, inaukiridwa chakumadzulo ndipo asilikali 15 a ku Tanzania anaphedwa. Mu Novembala 2018 asilikali a ku Malawi anafera m'nkhalango pafupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wovulala wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 UN inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yopatsidwa osonyeza kulimba mtima kwapadera. Aliyense wokwera pansanja nkhanizi amazidziwa. Thupi limakhala lokonzekera chinthu choti mwina sichibwera chaka chonse, mwinanso chibwera usiku womwewo. Ukayenda mtunda wautali ndi katundu kumsana umatopa n'kugona tulo tabwino. Ukadikira motere umatopa, koma tulo osabwera.

Tsono "palibe chatsopano" wawoyo. Choyamba, akunena zoona. Masabata oyamba chilichonse n'chachilendo: Chiswahili cha kumeneko, Chifalansa, mvula yosakata, phokoso la helikopita. Umajambula chilichonse. Pofika masiku 90, pamene munthu amakhala woyenera kulandira mendulo ya UN, zachilendo zonse zatha, koma ngati ulendo wake ndi wa chaka kwatsala miyezi 9. Pakatikati pamenepa ndiye povuta: kumene wachokera kwatalika, kobwerera sikukuoneka. Ndikuganiza kuti amuna anu ali pamenepo. Chachiwiri, chatsopano chikachitikadi, ndicho saloledwa kunena pa foni. Kumene apite mawa, alipo angati, ndani wavulala, zimenezo ndi zotsekera pakamwa. Ndiye chimene angathe kunena n'chosasangalatsa, chosangalatsa kumva sangachinene.

Muganizirenso malo amene amaimbira. Pa kampu pathu netiweki inkagwira pakona pamodzi, pafupi ndi thanki ya madzi, ndipo foni umachita kuikweza m'mwamba kuti uthenga upite. Madzulo pankakhala mzere. Munthu akulankhula ndi mkazi wake, anzake asanu ali pambali akudikira, akumva zonse, ena akuchita kumuyeseza. Mawu achikondi angatuluke bwanji pamenepo?

Ine ndinkakonda kukhala chapatali n'kumayang'ana nkhope za ochoka pakonapo. Wobwera akumwetulira, ndinkadziwa kuti gadi ya usiku ili bwino. Wobwera atangoti ndwii, osapita kokadya, ameneyo ndinkamuika ndi mnzake wolongolola, kapena ndinkakwera naye ndekha. Nkhani zake zinali zomwezomwezo: mwana wadwala, m'bale wadya ndalama, nyumba imene akumanga yaima, wina wamulembera kuti mkazi wako tamuona kwakutikwakuti. Onani, mabodza amene akukuvutitsani inuwo amapitanso mbali inayo. Munthu ali ndi mfuti m'manja koma za kunyumba sangachitepo kanthu, ndipo ali ndi maola awiri a mdima oti aziganizire yekha.

Za mkazi wina sindikunamizani kuti sizichitika. Zimachitika, makamaka m'makampu a m'tauni. Koma lamulo lake n'lokhwima. Kuyambira 2003 UN inaletsa kugonana posinthana ndi ndalama, chakudya kapena chithandizo chilichonse, komanso ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wopezeka amabwezedwa kwawo ndi manyazi, ndipo mu 2016 Security Council ya UN inavomereza kuti gulu lonse likhoza kubwezedwa ngati khalidweli lafala. Pa kampu ya kuthengo sutuluka n'komwe pageti wekha. Ndipo mwa amene ine ndinawaona, wachibwenzi sankafupikitsa foni za kunyumba. Ankachita kuzikometsa.

Langizo langa: lekani kuwafunsa kuti lero mwatani. Auzeni inuyo zanu, zing'onozing'ono zomwe. Dzino la Tadala lagwedera, wamng'ono wanena chakuti choseketsa, galu wa aneba wabereka. Zimenezo ndi zimene munthu amakwera nazo pansanja. Koma mavuto oti iwo sangawathe ali kumeneko, ena muziwasungako.

Nabanda

A Sajeni, zambiri mwanena n'zoona, amuna anga anapitako kawiri ndipo za pakona pa netiweki zija ndaseka ndekha. Koma pomaliza paja ndakana. Tiziwasungako? Ndiye ife tikhale nkhokwe ya mavuto mpaka chaka chithe? Ifenso timakhala tcheru usiku, foni ikalira nambala yachilendo mtima umaima.

Komanso kubisa masiku ano sikutheka. Mnzanga wina anabisa zoti mwana wagonekedwa m'chipatala, ati asawadandaulitse bambo ake. Bamboyo anamva kwa mlongo wake pa WhatsApp, usiku, chithunzi cha mwana ali ndi dripi chili pompo. Mwanayo anachira, koma kuyambira tsiku limenelo "zonse zili bwino" wa mkazi wake sanamukhulupirirenso. Ankaimbira aneba kufunsa za pakhomo pake pomwe.

Achemwali Make Tadala, ine ndinkachita chonchi. Vuto ndinkalinena, koma ndi mutu ndi mchira wake: chachitika ndi chakuti, ndachitapo chakuti, chatsala ndi chakuti, inu maganizo anu ndi otani. Mwamuna akamva kuti akufunsidwabe nzeru pakhomo pake amakhala munthu. Ulendo wachiwiri tinkamanga, ndiye ndinkawatumizira chithunzi cha khoma lililonse. Iwo ankajambula pulani pakabuku kawo, kufufuta, kujambulanso, kukangana ndi anzawo za kumene khomo liyang'ane. Khomolo linasuntha pakabukupo kangapo konse, ine osadandaula, bola anali ndi choganiza china.

Foni yoimba ndinachita kuichepetsa ndekha. Ndinkatumiza ma voice note, ana akuimba, akukangana, ine ndikulongolola za tsiku langa. Uthengawo umadikira mpaka netiweki igwire, ndipo amaumvera ali okha pabedi, kubwereza mmene angafunire. Mayankho awonso ankatalika kusiyana ndi pa foni.

China chimene a Sajeni sanakhudze ndi ndalama. Achibale akangomva kuti wapita ku mishoni amayesa akusambira m'madola, ndiye mauthenga opempha amamupeza konko, aliyense ndi vuto lake. Anthu sadziwa kuti ndalama imene UN imapereka pa msilikali aliyense, madola 1,428 pamwezi kuyambira 2018, imene anaikweza kufika 1,448 mu 2022, imapita ku boma la dziko lake, ndipo dziko lililonse limakonza lokha kuti msilikali alandirapo zingati komanso liti. Imene amalandira m'manja tsiku ndi tsiku kumeneko ndi kakang'ono koti n'kugulira sopo ndi mayunitsi. Gwirizanani kuti wopempha aliyense azidzera kwa inu, ndipo inu muziyankha kuti tidzakambirana akabwera. Adzakutchulani wouma mtima, zilibe kanthu.

Anzanu okuthirani mawuwo, afunseni ngati anapitako ku Congo.

Kopolo Zii

Alamu, musadandaule, ankolo akungoboweka basi. Ine ndabwerako posachedwa. Mwezi wachisanu ndinkatha kuwerenga zolemba za pachitini cha nsomba, Chingerezi chake ndi Chifalansa chomwe, kenako kuyambiranso.

Zimene zinkatisunga ife: volleyball dzuwa likapendeka, tsiku lililonse, ngakhale bwalo lili thope lokhalokha. Ligi ya mpira ya ma platoon, chikho chake botolo lokutidwa ndi pepala lonyezimira, koma anthu ankakwiyirana sabata yathunthu chifukwa cha penate. Jimu tinapanga tokha, simenti m'zitini ziwiri ndi chitsulo pakati. Draft ya zitsekerero za mabotolo. Hard drive imodzi ya mafilimu inazungulira kampu yonse mpaka tinkalankhulira limodzi ndi osewerawo. Wina anali ndi makina ometera, ndiye pamthunzi pake ndi pamene panali nyumba ya malamulo, nkhani zonse zinkagamulidwa pamenepo. Kwaya inaliponso, ndipo inkalowa anthu oti kwawo tchalitchi sachidziwa khomo. Amene anachenjera ndi amene anapita ndi mabuku. Mnzanga wa bedi loyandikana nane ankawerenga za akaunti ndi tochi ya pamutu, ife tikumuseka, pano iye ndi amene akutiseka. Ine ndinangotolako Chiswahili kwa wotanthauzira wathu.

Koma molalo weniweni suli pa mpira. Uli pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi bwana. Tinali ndi lefutenanti wina amene ankakwera pansanja 2 koloko usiku ndi fulasiki ya tiyi, n'kukhala nawe theka la ola, kukufunsa za mwana wako ndi dzina lake lomwe. Ameneyo akanati tikadzaze matumba pamvula tinkapita tikuimba. Tinalinso ndi wina amene tinkangomuona pa perete akufufuza ndevu. Ntchito yomweyo, matumba omwewo, koma akalamula iyeyo aliyense msana unkamuwawa.

Chachiwiri ndi deti lobwerera. Aliyense ali ndi kalendala yake, wina pafoni, wina amadula timizere pathabwa la bedi. Ndiye mphekesera! Wophika wamva kwa dalaivala, dalaivala wamva kwa wa ma siginolo, kuti otilandira anyamuka pa 10. Kampu yonse kuchapa zikwama. Pa 10 pafika, zii. Deti likasuntha kamodzi anthu amang'ung'udza, likasuntha kachiwiri amasiya kulankhula, ndipo pamenepo ndi pamene ndewu zimabuka chifukwa cha chaja ya foni. Ganizirani anzathu a SAMIDRC, gulu la asilikali limene SADC inatumiza kum'mawa kwa Congo. Mzinda wa Goma unagwa m'manja mwa zigawenga za M23 kumapeto kwa Januwale 2025, atsogoleri a SADC anathetsa mishoniyo pa 13 Malichi, koma kutuluka kunayamba kumapeto kwa Epulo, pamsewu kudzera ku Rwanda kupita ku Tanzania. Miyezi yonseyo anthu ali m'kampu, kunja kuli M23, osadziwa tsiku.

Wachipatala wa pa Kampu

Ndinagwira ntchito ya zachipatala ku mishoni nthawi ya Ebola, imene inavuta ku North Kivu ndi Ituri kuyambira Ogasiti 2018 mpaka Juni 2020 n'kupha anthu oposa 2,200. Nthawi imeneyo ngakhale kakuyenda kochepa kaja kanachepanso. Pageti kuyezedwa kutentha kwa thupi, kusamba m'manja madzi a klorini, kupatsana moni wa pamanja ayi. Odwala ambiri amene ankabwera kwa ine sanali a mabala. Anali a mutu, a msana, a m'mimba, a "sindikugona." Ukamuyeza supeza kanthu, ukakhala naye mphindi makumi awiri nkhani imatuluka.

Zimene a Sajeni afotokoza si za asilikali a dziko limodzi. Mu 1998 Paul Bartone ndi anzake, atafufuza asilikali a ku America amene anatumizidwa ku mayiko a Yugoslavia wakale, analemba zinthu zisanu zimene zimapanikiza msilikali wosungitsa mtendere: kukhala kutali ndi abale, kusadziwa bwino chimene akuchita ndi pamene chidzathere, kuona zinthu zoipa wopanda mphamvu yochitapo kanthu, kunyong'onyeka, ndi ngozi. Ngozi ndi chimodzi chabe mwa zisanuzo. Chachitatucho anthu sachitchula kawirikawiri, koma chimapweteka. Umamva kuti mudzi wakutiwakuti anthu aphedwa usiku, mtunda wosatalika kuchokera pa kampu, m'mawa anthu a m'mudzimo akukuyang'ana ndi maso ofunsa kuti mfuti zanuzo n'zachiyani.

Mayi, funsani amuna anu mankhwala oteteza malungo amene akumwa. Alipo a tsiku ndi tsiku, doxycycline, ndipo alipo a kamodzi pasabata, mefloquine. Achiwiriwa kwa anthu ena amabweretsa maloto oopsa, kusowa tulo ndi nkhawa, moti mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linaikapo chenjezo lamphamvu. Ngati ndi amenewo ndipo sakugona, akauze wachipatala awasinthire. Asangosiya okha, malungo a kumeneko si ocheza nawo.

Kuboweka wamba munthu amadandaula, amaseka, amafunsa za ana. Chimene muyenera kuchenjera nacho ndi ichi: akasiya kufunsa za ana n'komwe, akamapsa mtima pa zinthu zopanda pake nthawi zonse, akamanena kuti masiku angapo sanagone, akamalankhula ngati akutsanzika kapena kugawa zinthu zawo. Pamenepo musadikire, dziwitsani abusa a asilikali kapena ofesi yoona za mabanja kumene amagwira ntchito, uthenga ukafika kwa akuluakulu awo kumeneko. Si kuwaneneza, ndipo munthu wotere amakhala ali ndi mfuti usiku.

Mudzakonzekerenso pobwera. Asilikali a ku Canada ochokera ku Afghanistan ankayamba aima masiku asanu ku Cyprus asanafike kwawo, kuti thupi litsike kaye. Ambiri alibe mwayi umenewo, lero ali pansanja, mkuja ali pabalaza ana akukuwa. Akadzamadzuka 4 koloko n'kumazungulira nyumba, kapena kukhala chete pagulu la alendo, musadzadabwe masabata oyamba.

Make Tadala

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. A Kopolo mwandiseketsa, za chitini cha nsomba zija anandiuzapo ndimayesa nthabwala. Dzulo ndatumiza voice note ya ana, ayankha yaitali kuposa foni zonse za mwezi uno, ngakhale theka lake akudandaula za referee.

Koma ndili ndi funso lina, a Sajeni ndi amayi Nabanda. Apongozi anga aakazi adokotala akuti afunika opaleshoni mwezi wamawa. Alamu anga akuti amuna anga tisawauze mpaka itachitika. Ndichite bwanji? Komanso anandiuza deti lobwerera, ndiwauze ana?

Sajeni Wopuma

Amayi Nabanda, tisakangane, zimene ndimati muzisungako ndi monga mkangano wa ana a aneba kapena paipi yothyoka imene mwakonza kale. Koma pa nthawi yonenera ndiye sindisuntha. Inu mukatumiza uthenga 9 koloko usiku n'kugona, mwapepukidwa. Iye amauwerenga akukwera pansanja.

Make Tadala, za amayi awo auzeni, ndipo auzeni inuyo, alamu anu asakutsekeni pakamwa. Mwana wa munthu akadzamva pambuyo, makamaka zikapanda kuyenda bwino, mlandu udzagwera inu osati alamuwo. Chitani chonchi. Imbani m'mawa kapena masana, osati usiku. Yambani mwafunsa ngati ali pa gadi kapena akutuluka tsiku limenelo, ngati akutuluka dikirani abwere. Mukhale ndi zonse m'manja: dzina la matenda, tsiku la opaleshoni, amene akakhale nawo kuchipatala, zimene adokotala anena. Munthu amene wapatsidwa theka la nkhani, theka linalo amadzipangira yekha, ndipo amapanga loipa. Ngati amayiwo angathe kulankhula, alankhule nawo okha, mawu a mayi ake akawamva mtima ukhala pansi kusiyana ndi kumva kwa inu kuti ali bwino.

Mukatero dziwitsaninso ofesi yoona za mabanja kapena abusa kuno, kuti bwana wawo kumeneko adziwe. Ife tikadziwa, tinkamuchotsa munthu pa gadi ya usiku masiku amenewo, kumupatsa mpata pa foni ya ofesi tsiku la opaleshoni, osamutumiza kutali. Tchuthi chobwera kudzaona wodwala chilipo m'malamulo koma musachiwerengere, chimadalira ndege, malo amene ali ndi mmene zinthu zilili, ndipo kuchoka pa kampu ya kuthengo kukafika pabwalo la ndege pakokha kumatha kudya masiku.

Za deti, a Kopolo anena kale. Sizichitika kwa ife tokha. Mu Julayi 2006 gulu lina la asilikali a ku America ku Iraq, 172nd Stryker Brigade, linawonjezeredwa miyezi inayi ena mwa iwo atafika kale kwawo ku Alaska, ndipo anaitanidwanso. Mu Epulo 2007 asilikali awo a pamtunda anauzidwa kuti ulendo wa miyezi 12 tsopano ukhala wa miyezi 15. Ngati dziko la ndege zambirimbiri limasuntha deti, kuli bwanji ife odikira ndege yobwereka? Inu deti lisungeni mumtima, muwonjezerepo mwezi. Musaitanitse alendo, musagule zophika. Ana auzeni nyengo chabe, monga kuti adadi abwera sukulu ikatsekera kapena mvula ikayamba. Tsiku lenileni Tadala mudzamuuze bambo ake atakwera ndege.

Kopolo Zii

Ngakhale atakwera, a Sajeni. Ife tinakwera, tinakhala pansi, malamba tinamanga, kenako anatitsitsa ati kutsogolo kuli mitambo. Tinagonanso pabwalo la ndege, zikwama ndiye mapilo. Alamu, mudzamuuze ikatera.